Mwala Umene Tinapeza Kumanda kwa a Ngozo

Ntengo-Wambalame, chaka changa choyamba pa ntchito

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Amayi anu anakuuzani kale zambiri, ndipo zina anachita kuwonjezera. Ndiyambira pomwe boma linayamba kundidziwa. Nditamaliza sekondale ndi maphunziro afupiafupi a uphunzitsi, ananditumiza kusukulu ina ya ana aang'ono ku Ntengo-Wambalame. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi awiri, ndevu zisanamere, ndipo ana ena a m'kalasi mwanga anali aatali kundiposa. Chimene ndinali nacho chochuluka chinali pakamwa. Kuyambira kusekondale ndinkatha kutengera mawu a munthu aliyense. Ndikangomumva kangapo, basi, mawu ake ali pakhosi panga, ndi katsokomoledwe kake komwe.

Adiretori athu, ndiye kuti akulu a sukulu, anali a Kachigamba, munthu wabwino mtima koma wokonda mbatata kuposa ana. Munda wawo wa kachewere unali kumunsi kwa sukulu. Belu likangolira ankakoleka jekete pampando wa muofesi, kuti wodutsa aziyesa kuti ali pafupi, iwo n'kutsetserekera kumunda. Tsiku lina m'nyengo ya mvula ndinabisala kuseri kwa chimbudzi n'kuwaitana ndi mawu a bambo woyendera masukulu wa kuboma, mawu onenepa ngati a munthu amene wangodya kumene nyama. A Kachigamba anatuluka m'mizere ali chothamanga, matope mpaka m'mawondo, navala jekete pamwamba pa malaya onyowa, naima pakhomo la ofesi manja kumbuyo kudikira mlendo. Anadikira mpaka ana anaweruka. Amene anandiulula sindikumudziwa mpaka lero, koma sipanapite nthawi ndinasamutsidwa. Mukandifunsa ngati ndimamva chisoni, ayi. Ndikakumbukira mawondo aja ndimasekabe ndekha, mpaka amayi anu kundifunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Furancungo, zaka za pakati

Ku Furancungo, m'boma la Macanga, ndinakhalako nthawi yaitali kuposa kwina kulikonse. Ndiko ndinakwatira, ndiko nonse munabadwira. Sukulu zimene ndinaphunzitsako zinali zosowa pafupifupi chilichonse. Choko chikatha tinkalembera chinangwa chouma, buku limodzi linkazungulira benchi yonse, ndipo mvula ikawononga msewu tinkakhala osaona chapa, minibasi ija, kwa masabata. Sindikudandaula. Ana ambiri amene anadutsa m'manja mwanga amadziwa kuwerenga, ndipo ena amandiimitsa pamsika n'kundikumbutsa kuti ndinkawaphunzitsa masamu ndi mawu a abusa.

Ndili kumeneko kunabwera sukulu ya patali. Anatiuza kuti mphunzitsi wopanda lisensiyatura, pepala lalikulu lija la kuyunivesite, adzakalambira pamalo amodzi, ana amene anawaphunzitsa n'kudzakhala mabwana ake. Koma sitinkayenera kusiya ntchito kupita ku Tete. Poyamba ankatitumizira timabuku pa chapa, kenako zonse zinalowa m'foni ndi m'kompyuta. Kaphunziridwe kake kanali kotere: phunziro lililonse limatchedwa kadeira, ukakhoza kadeira amakupatsa makirediti, ndipo makirediti amaunjikana pang'onopang'ono ngati chimanga m'nkhokwe mpaka atakwana. Mphunzitsi wako sumuona maso ndi maso. Amalankhula m'kavidiyo, iwe n'kumutumizira ntchito yako, ngati redi, ndiye kuti netiweki ya foni, yalola. Loweruka lililonse unkaona amuna aakuluakulu a imvi ataima pachulu cha kuseri kwa msika, mafoni m'mwamba ngati akupempha mvula. Ine ndinkaima pakati pawo n'kuyamba kulankhula ndi mawu a mphunzitsi wa m'kavidiyo, onse n'kukhala chete kuyesa kuti redi yabwera.

Ndinalembetsa nanenso, ndipo ndinayenda bwino mpaka pakati. Kenako agogo anu anadwala nthawi yaitali, ine n'kuima kaye, ndikuti ndidzapitiriza zinthu zikakhala bwino. Pamene ndinabwerera anandiuza kuti ndondomeko ya maphunziro aja inasinthidwa, yakale anaitseka, ndipo makirediti anga salowa m'yatsopano. Ndinafunsa kuti nanga apita kuti. Mtsikana wa muofesi anangotambasula manja. Choncho bambo anu ali ndi theka la lisensiyatura, ndipo theka la lisensiyatura lili ngati theka la mlatho: matabwa alipo, misomali ilipo, koma suwolokerapo. Nkhani imeneyi ndinkaisandutsa nthabwala pamaso pa anzanga, koma m'kati inkandiwawa kuposa kusamutsidwa kuja. Ndikukuuzani izi kuti mumvetse chimene ndinadzachita pambuyo pake.

Tsangano, zaka zotsiriza

Kutatsala zaka zochepa kuti ndipume, anandibweza kwathu ku Tsangano. Popeza ndinali nditazolowera kukangana ndi makompyuta, anandipatsa kachipinda pasukulu ina ya paboma, momwe munali makompyuta a m'manja ochepa ndi mabenchi, kuti aphunzitsi ndi anamwino ophunzira patali azibweramo kudzatumiza ntchito ndi kulemba mayeso. Adiretora anali amayi a Chimphonda, munthu wachilungamo ndi wosaseka. M'zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sindinawachite chipongwe chilichonse, ngakhale mawu awo ndinali nawo pakhosi kuyambira sabata yoyamba.

Mwa onse amene ankabwera m'chipindamo, wakhama kwambiri anali Filomena, mphunzitsi wa kalasi yachiwiri kumudzi woyandikana ndi wathu. Anakwatiwa kubanja la a Ngozo, Angoni osunga ng'ombe, ndipo ankakhala kwa mwamuna wake monga mtengwa. Ankafika panjinga yamoto fumbi lili m'nsidze, n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Ana ake ankawasiya ndi apongozi ake aakazi, a Nachisale. Mayi ameneyu ankadandaula poyera, kuchigayo ndi kutchalitchi komwe, kuti sanaonepo sukulu yopanda belu, yopanda mbendera, imene mphunzitsi wake amakhala m'thumba. Koma Loweruka lililonse Filomena akamasula kansalu kake, munkakhala mbatata yophika ndi kamchere, ndipo tonse tinkadziwa amene anamanga.

Filomena anali atamaliza zonse kupatula kadeira imodzi ya masamu. Ulendo woyamba redi inathawa ali pakati pa mayeso. Ulendo wachiwiri analephera yekha, ndipo anavomera. Ndiye kunabwera uthenga umene ine ndinaudziwa ndisanamalize kuuwerenga: ndondomeko yawo ikutsekedwa chaka chomwecho, ndipo amene sakhoza mayeso otsirizawo makirediti ake onse adzathera pomwepo. Mayeso anali a Loweruka m'mawa. Ankatseguka pa kompyuta dzuwa litakwera pang'ono n'kudzitseka okha masana, ndipo wolemba ankayenera kuonetsa nkhope yake pa kamera nthawi yonse.

Sabata ya maliro

A Nachisale anamwalira Lachinayi la sabata ya mayesowo. Chifukwa chodikira abale ochokera ku Tete, akuluakulu anagwirizana kuti maliro aikidwe Loweruka masana. Inu ndinu ana a kuno, mukudziwa malo a mtengwa pamaliro a apongozi ake. Amakhala m'nyumba ya siwa, pamphasa, pafupi ndi mtembo, mpaka bokosi litatuluka. Akachoka n'kukwera njinga yamoto kupita kuboma, mudzi sudzaiwala, ndipo ana ake adzakula akumva kuti mayi wawo anasiya apongozi pamphasa chifukwa cha pepala. Nditapita kukapepesa Lachisanu m'mawa, Filomena anandiona pakhomo n'kungopukusa mutu. Ndinamva. Za mayeso anali atazisiya.

Kuchokera pamenepo ndinapita kwa amayi a Chimphonda kukapempha kuti ndibwereke kompyuta imodzi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nati nkhani ya Filomena ikuwamvetsa chisoni, koma lamulo silinasinthe. "A Bonifasiyo, katundu wa boma sapita kumaliro," anatero. Anandikumbutsanso kuti kwatsala miyezi yochepa kuti ndipume, ndipo sikungakhale kwanzeru kudetsa dzina pakhomo potulukira.

Ndinakhala m'kachipinda kaja nthawi yaitali ndikuyang'ana mabenchi. Adiretora sanalakwe. Mwambo wa siwa nawo sunalakwe, pakuti munthu amene anakulerera ana sungamusiye yekha tsiku lake lotsiriza. Ngakhale kompyuta imene imatseka mayeso masana sinalakwe, sidziwa kuti kuno anthu amafa. Aliyense anali pamalo pake, ndipo pakati pa onsewa mkazi mmodzi ankataya zaka zake zonse za Loweruka. Ndinaganiza za theka la mlatho wanga. Kenako ndinakumbukira zinthu ziwiri. Choyamba, manda a a Ngozo ali paphiri, ndipo pamaliro aliwonse tikangofika pamwamba ndi bokosi mafoni amayamba kulira m'matumba, chifukwa mudzi uli m'chigwa koma phirilo limaona mlongoti wa redi. Chachiwiri, banja lathu ndi la a Ngozo timakumbirana manda kuyambira makolo. Pamaliro amenewa ine sindinali mphunzitsi. Ndinali mdzukulu, mmodzi wa okumba manda. Ndipo adzukulu pamaliro ndi mafumu. Amagwira nkhuku osapempha, amanyoza anamfedwa, amavala zovala za malemu n'kumamutengera kuti olira apumeko, ndipo akaika makasu pansi maliro saikidwa.

Ndinadzaza moto m'kompyuta imodzi, n'kuikulunga m'jekete, n'kuiika m'thumba la feteleza pamodzi ndi fosholo. Kiyi ndinasiyira mlonda kuti atsegulire ena m'mawa. Munthu mmodzi yekha ndinamuuza, Zakeyu, mkulu wa adzukulu, mnzanga wa pachinyamata. Anandiyang'ana, nati kukalamba kwandilephera, nafunsa kuti tidzawauza chiyani anthu manda akachedwa. Ndinati tidzapeza mwala. Iye anati paphiri paja dothi ndi lofewa ngati ufa, mwala tiutenga kuti. Tinautenga kumtsinje, tinasenzerana pokwera.

Loweruka tinayamba kukumba kukucha, ndipo dzuwa lisanakwere manda anali atatsala pang'ono kutha. Ndinayala jekete pansi pa mtengo wa muwanga kunja kwa manda, ndinatsegula kompyuta, foni yanga ikukoka redi n'kuipatsira, ndipo zonse zinayenda. Ndiye ndinatsikira kumudzi. Kuseri kwa nyumba ndinatenga duku la a Nachisale ndi chijasi chawo chobiriwira chimene ankavala kuzizira kwa kuno, ndinapinda msana, n'kulowa m'siwa ndikukoka mwendo monga ankayendera. Amayi anali pakati pa nyimbo. Ndinatsokomola katsokomoledwe kawo, nyimbo n'kuduka.

"Filomena, iwe," ndinatero ndi mawu a malemu. "Anthu akundimangira nyumba kuphiri, kukhosi kwawauma, iwe wangokhala apa ngati wabwera kudzacheza. Tenga ndowa. Kapena ukudikira kuti mphunzitsi wako wa m'thumba akuuze?"

Amayi ena anaseka misozi ili m'masaya, ena analira kwambiri chifukwa mawu anafanana mopitirira. Mchemwali wa malemu anakana, nati atsikana alipo ambiri panja, mtengwa sachoka pamphasa. Ndinayankha ndi mawu omwewo kuti madzi a atsikana a masiku ano amanunkha sopo, ndikufuna a mtengwa wanga, apo ayi adzukulu aika makasu pansi ndipo ndigonanso m'nyumba muno mpaka Lolemba. Panalibe wotsutsanso. Filomena anadzuka, natenga nkhata ndi ndowa, n'kunditsata. Panja, pakati pa amuna, a Ngozo, mwamuna wa malemu, anatiyang'ana tikudutsa, chibwano chili pa ndodo yawo.

Filomena anatunga madzi, tinakwera phiri. Atafika pamwamba anatula ndowa, ndipo potembenuka anaona kompyuta ili pajekete, dzina lake lili pagalasi. Kenako anati, motsitsa mawu, "A kolega, aphunzitsi anzanga, mwandichita chiyani? Apongozi anga ali pamphasa, ine ndikhale pano ndikuwerengera masamu?"

Ndinavula duku lija, chifukwa apa sindinafune kulankhula ndi mawu a munthu wina. Ndinamuuza kuti sindimukakamiza, akafuna atsike ndi ndowa yake, palibe adzadziwe. Koma manda sanathe, tapeza mwala, ndipo bokosi silituluka m'nyumba mpaka adzukulu atanena. Wochedwetsa maliro si iye, ndife. Anafunsa kuti mwalawo utha liti. Zakeyu anayankha ali m'dzenje kuti miyala ya paphiri pano imatha munthu akamaliza masamu. Filomena anapukuta nkhope ndi chitenje, nakhala pansi, nayang'ana kamera ndi maso otupa aja, n'kuyamba.

Ife tinaika mwala wa kumtsinje pambali pa dzenje, n'kumasinthana kuumenya ndi piki kuti kumudzi azimva. Sindinamuyandikire Filomena, ndipo izi ndikufuna muzidziwe: palibe yankho limodzi limene linachokera kwa ine. Ndiponso masamu amenewo ine ndinali ndisanawafike pamene mlatho wanga unaduka. Dzuwa linakwera. Kumudzi anatuma bambo wina kudzafunsa, Zakeyu anamubweza panjira ndi chipongwe. Nyimbo za amayi zinkamveka kuchigwa, kutha imodzi kuyamba ina. Apa ndinayamba kuda nkhawa, chifukwa anthu ochokera kutali anali atakhala padzuwa, ndipo amene ankawasunga pamenepo ndinali ine.

Kenako tinaona munthu akukwera yekha, pang'onopang'ono, ndi ndodo. Anali a Ngozo. Zakeyu anasiya piki. Mkuluyo anafika akupuma movutikira, nasuzumira m'manda. Dothi lofiira, lofewa, makoma osalala, ntchito yatha kalekale. Anayang'ana mwala wathu, umene unali ndi ndere za m'madzi zobiriwira. Kenako anatembenukira kumtengo, komwe mtengwa wawo anali atawerama pa kompyuta, milomo ikuyenda, osadziwa kuti apongozi ake afika. Ndinakonzeka kunena kuti mlandu wonse ndi wanga. Sanandipatse mpata. Anafunsa ngati mayeso ake ndi aja a Loweruka amene mayi ankawanena. Ndinati ndi omwewo, ndipo ndi otsiriza. Akuyang'anabe mtengwa wawo, anati malemu anali atauza kale anthu a kuchigayo kuti chaka chino m'nyumba mwawo mulowa dotolo, monga timatchulira kuno munthu wa lisensiyatura. Ndiye anagogoda mwala uja ndi ndodo.

"Ndi waukuludi," anatero. "Kumbani bwino, musathamange. Mayi sakonda nyumba yomangidwa mothamanga."

Anatsika. Ndinamva pambuyo pake kuti atafika anauza anthu kuti mwala auona ndi maso awo, ndipo aliyense wotopa akathandize kukumba. Palibe anabwera.

Filomena anamaliza mayeso asanadzitseke. Anatseka kompyuta, nayenda mpaka m'mphepete mwa manda, nayang'ana m'dzenje muja, nalira kulira kumene sanalire m'siwa. Tinamusiya. Atatha anasenza ndowa yake yopanda madzi n'kutsika kukakhala pamphasa, ndipo ife tinatumiza mawu kuti manda atha. A Nachisale tinawaika dzuwa litapendeka, mochedwerapo pang'ono, mwaulemu wonse. Tikufika pamwamba ndi bokosi, mafoni analira m'matumba monga mwa nthawi zonse.

Nditapuma

Lolemba ndinabweza kompyuta ili ndi dothi lofiira m'mabatani. Amayi a Chimphonda anandiitana, nandidzudzula monga mwa lamulo, ndipo chidzudzulocho chinalowa m'mbiri yanga ya ntchito. Ndinaima manja kumbuyo ngati a Kachigamba. Atamaliza anafunsa, osandiyang'ana, ngati redi inagwira mpaka kumapeto. Ndinati inagwira. Anati chabwino, tulukani. Mchemwali wa malemu sanandipatse moni kwa nthawi yaitali, ndipo sindimuimba mlandu. Iye anaona mphasa ili ndi malo opanda munthu, ndipo zimene anaona zinali zoona.

Filomena anakhoza, osati mopambana kwambiri, koma mokwanira kuwoloka. Lero ndi amene akuyang'anira kachipinda kaja, ndipo ndimamva kuti amakangana ndi akuluakulu kuti wophunzira amene wagwa m'maliro azipatsidwa tsiku lina. Sindikudziwa ngati adzamumvera. Sukulu ya patali inatithandiza ife a kuno, inafika kumene yunivesite sikanafika, koma anaipanga anthu amene sadziwa kuti Loweruka ndi tsiku la maliro, la ukwati ndi lokumba mbatata. Mpaka adzadziwe, padzafunikabe wina woti aimitse nthawi pang'ono.

Anthu ena kutchalitchi amandifunsa ngati ndinalapa zonyenga mudzi wonse pamaliro. Ndimawauza kuti mwini maliro anauona mwala ndi maso ake, ine ndine ndani kuti ndimutsutse. Mwalawo sindinaubweze kumtsinje. Uli kuseri kwa nkhokwe, amayi anu amanolerapo mpeni. Musautaye. Tsiku langa likadzafika, a kwa Ngozo ndiwo adzandikumbire, ndipo musanatulutse bokosi mudzafunse kaye ngati pali wina m'mudzi muno amene ali ndi mayeso. Akapezeka, mudzawapatse adzukulu mwalawo akwere nawo kuphiri. Ine sindidzakhala ndi changu.